Mkono Wamanzere wa Woliza Belu Wathu

Amene munabatizidwa m'tchalitchi chathu zaka makumi asanu zapitazi, kapena munamangitsiramo ukwati, kapena munaperekezeramo m'bale wanu, munamva dzanja la a Manzere ngakhale mwina simunaligwirepo. Ndiwo ankaliza belu. Dzina lawo lenileni lili m'kaundula wa ubatizo, koma ukalitchula pamsewu anthu amangoyang'anana. Ukati a Manzere, aliyense amakulozera pakhonde la sitolo ya zitsulo pamene ankakonzera njinga. Zambiri zimene zalembedwa pano tazimva kwa akazi awo, mayi osoka zovala aja amene tonse timangowatcha a Telala, ndipo atipempha kuti tisakometsere kanthu.

Anabadwa amanzere, ndipo masiku amenewo chimenechi chinkaonedwa ngati chilema choyenera kuwongola. Kunyumba, akatambasula dzanja lamanzere kuti atape chakudya, mayi awo ankalimenya ndi supuni. Kusukulu mphunzitsi ankalimangirira kumbuyo ndi lamba mpaka mwanayo atazolowera kugwira pensulo ndi lamanja. Anazoloweradi, chifukwa anali mwana womvera. Dzanja lamanja linaphunzira zinthu zinayi: kulemba, kudya, kupereka moni ndi kuchita chizindikiro cha mtanda. Zina zonse lamanzere linkachita mozemba, akulu akayang'ana kumbali.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, amene ankaliza belu anadwala msana, ndipo akatekisiti anamuitana mnyamatayo kunsanja ya belu. Iye pochita mantha anagwira chingwe ndi lamanja. Belu linangoti khwe, ngati latsamwa.

"Iwe," anatero akatekisiti, "gwira ndi lija umagendera nalo zipatso za abambo mfumu. Chingwe sichifunsa kuti ndi dzanja liti."

Anagwira ndi lamanzere, ndipo belu linamveka mpaka kumsika. A Manzere ankanena mpaka kukalamba kwawo kuti m'nyumba ya Mulungu ndi momwe dzanja lawo linayamba kulandiridwa osamenyedwa. Kuyambira tsikulo analiza belu m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Kalizidwe kawo kanali kodziwika: katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma, katatunso. Koma kupuma kwawoko kunali kwakutali, koti mlendo ankaganiza kuti chingwe chaduka. Munthu akawafunsa ankati, "Ndimadikira amene asenza katundu atule kaye. Munthu sangapemphere bwino thumba lili pamutu."

Atakula anaphunzira kukonza njinga, n'kupeza malo pakhonde lija. Kumapeto kwa khonde lomwelo kunali mtsikana wa makina osokera. Tsiku lina makinawo anayamba kulira moipa, mnyamatayo anadzipereka kuwathira mafuta, koma anathira akuda aja a tcheni cha njinga, mpaka anadetsa diresi la ukwati la eni ake. Mtsikanayo anamukalipira mlungu wathunthu. A Telala amati pofika Loweruka anapeza kuti mawu okalipira awathera koma sakufuna kuti mnyamatayo achoke. Atakwatirana, Mulungu anawapatsa ana anayi, mmodzi n'kumutenganso asanayambe kuyenda. Belu la maliro a mwanayo analiza okha a Manzere. Anthu atawauza kuti akhale pansi wina aliza, iwo anati, "Ndalizira ana a anzanga onse. Wanga ndimusiyire ndani?"

Matenda anabwera mwakachetechete ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Mapazi anayamba kutupa, nsapato kuthina, chakudya kukoma ngati chitsulo. A Telala anazindikira kuti zinthu sizili bwino tsiku limene anawaona atatsamira khoma la nsanja, akupuma ngati athamanga. Kuchipatala anati kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri kwawononga impso, ndipo sizidzachiranso. Ntchito ya impsozo idzagwiridwa ndi makina osefa magazi, katatu pamlungu, maola anayi ulendo uliwonse. Koma kuti magazi azituluka ndi kubwerera mokwanira, pamafunika opaleshoni yolumikiza mitsempha iwiri ya pamkono, kuti mtsempha umodzi ukule ndi kulimba, uzipirira singano zikuluzikulu ziwiri. Kuchipatala ali nalo dzina lake lachingerezi, koma odwala onse amangoti njira.

Njirayo amaiika pamkono umene munthu saugwiritsa ntchito kwambiri. Tsiku lokasankha mkono, a Telala anatumidwa kuchipinda chapansi kukatenga mapepala a zoyeza magazi, ndipo anapezako mzere wautali. Kumtunda adokotala, munthu wachifundo ndithu koma wa odwala makumi atatu pabenchi, anafunsa mofulumira:

"Bambo, mumalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Kudya?"

"Lamanjanso."

Adokotala analemba pafayilo. Tsiku la opaleshoni anajambula chizindikiro pamkono wamanzere, a Manzere akuona ndi maso awo, osatsegula pakamwa. Tonse timayamikira kudzichepetsa kwa bambo ameneyu, koma kunena zoona, tsiku limenelo kunapyola muyeso. A Telala anadziwa pokhapokha atawatulutsa, ataona bandeji.

"Bambo, bwanji amanga kumanzere?"

"Anafunsa lolembera, mayi."

"Ndiye inu osanena kuti sipanala mumagwira ndi liti? Chingwe mumakoka ndi liti?"

"Zimenezo sanafunse. Ndinati mwina ophunzira akudziwa chifukwa chake."

A Telala anakhala pampando n'kulira, osati chifukwa cha amuna awo okha, koma chifukwa cha mzere uja. Mpaka lero amati akanangosiya mapepalawo n'kukwera masitepe, akanayankha ndi iwo.

Mawa lake anabwera sisita, namwino woyang'anira wodi ya makina, mayi wamfupi wolankhula mosazungulira. Anaika zala zitatu za a Telala pamwamba pa bandeji n'kuwauza kuti akhale chete. Pansi pa khungu panali kanthu kakunjenjemera kosalekeza, monga mmene thebulo lawo losokera limachitira makina akamathamanga.

"Mwakamva? Ameneyo ndiye moyo wa amuna anu," anatero sisita. "M'mawa uliwonse muzikamvera. Tsiku limene kadzasiye, musadikire kuti mumwe tiyi, mudzabwere. Mkono uwu asaugonere. Asavale wotchi kapena malaya othina. Asanyamule cholemera. Wina aliyense, ngakhale dokotala, akafuna kuyeza kuthamanga kwa magazi, kutenga magazi kapena kuika diripi, mumukanize, apite kumanja. Aziutsuka ndi sopo asanabwere kumakina, ndipo nkhanambo za singano asamazikande."

"Nanga belu, sisita?" anafunsa a Manzere.

"Belu lanji?"

"La kutchalitchi. Ndimaliza ndine."

"Limalemera bwanji?"

"Ngati munthu wamkulu wonenepa bwino."

"Iwalani, bambo."

A Telala anapempha kuti aichotse njirayo aiike kumanja. Sisita anapukusa mutu. Anati malo oika njira m'thupi la munthu ndi owerengeka, ndipo njira ikagwira bwino chonchi saitaya. Kumanja kukhale kosungira tsiku la mavuto. Panalibenso chochita. Anabwerera kunyumba atanyamula kapepala ka malamulo, aliyense akuyang'ana pawindo lake la basi.

Balalo litapola, a Manzere anayesa kuliza ndi lamanja lokha. A Telala anaima pakhomo la nsanja akuyang'anira. Kukoka koyamba belu linatsamwa ngati tsiku lija la ubwana. Kukoka kwachiwiri, dzanja lamanzere linadumpha lokha kukathandiza, mwini wake osalituma, ndipo a Telala analigwira m'malere. Kenako a Manzere anakulunga chingwe bwinobwino, n'kuchikoleka pamsomali, n'kukapereka kiyi wa nsanja kwa abambo mfumu. Belu linapita kwa mlonda wa patchalitchi, bambo wokhulupirika koma wa changu chausilikali, amene mwezi woyamba ankaliza mwakuti anthu ankatuluka m'nyumba kufunsa kumene kwabuka moto. A Manzere akamva ankangotsinzina, milomo ikuwerenga, koma sanamunenepo choipa. Pampu ndi sipanala yaikulu anazisiyanso. Anatsala ndi ntchito zing'onozing'ono, kumata machubu ndi kuwongola masipoko, ndipo pofuna kukulitsa mtsempha monga anawauzira, ankafinya mphira yakale ya pahandulo ya njinga akunena kolona.

Kuyambira pamenepo a Telala anasanduka mlonda wa mkono umodzi. Anasomola manja akumanzere a malaya onse n'kuwakulitsa, mpaka amuna awo ankaseka kuti akuoneka ngati mbalame yothyoka phiko. Pabedi anasinthana mbali, mtsamiro pansi pa mkonowo. M'basi ankakhala kumanzere kwawo. M'tchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, pamene akhristu achikondi amakugwira mkono ndi manja awiri n'kuugwedeza, a Telala ankaima kumanzere ngati khoma, ndipo ena anawatcha amwano. Iwo analibe nazo ntchito. M'mawa uliwonse, asanatsegule katani, asananene ngakhale pemphero, ankaika zala zitatu pamkonopo n'kudikira. Amati mphindi imeneyo sanaizolowere ngakhale tsiku limodzi. Mtima unkayamba wagwa, kenako kanjenjemero kaja n'kuudzutsa.

"Kalipo?" ankafunsa amuna awo, maso ali chitsinzinire.

"Kalipo."

"Ndiye tiyeni tithokoze."

Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa chomwecho. Mkonowo unatupa mabampu awiri pamalo obaya singano, khungu lake n'kumanyezimira. M'wodi ya makina, momwe mipando khumi inayang'anana ndipo anthu amalowa ali bwino n'kutuluka atafooka, a Manzere anapeza utumiki wina umene sanaupemphe. Wodwala watsopano akabwera, akuopa kukula kwa singano, sisita ankamukhazika pafupi nawo. Iwo ankamugwiritsa mkono wawo kuti amve kanjenjemero, n'kumufotokozera malamulo onse mofatsa, mawu omwe aja a sisita koma opanda ukali. Ndipo amene anali asanachitidwe opaleshoni ankawauza chinthu chimodzi motsindika: "Akakufunsani dzanja lolembera, inu muwauze logwirira ntchito. Musadikire kuti afunse bwino." Nthawi ya masana ikakwana ali pamakina, ankagogoda pampando ndi chala chakumanja, katatu, n'kupuma, ndipo ngakhale a mipingo ina ankatsitsa mawu.

Tsiku lina abambo mfumu anawafunsa ngati samawawidwa mtima ndi belu. Anayankha kuti, "Ndimawawidwa, abambo, tsiku lililonse katatu. Kale ndinkatumikira pokoka chingwe. Pano ndikutumikira pochisiya. Kusiyaku ndiye kolemera."

Pazaka zonsezi, chilichonse chobaya chinkapita kumanja monga mwa lamulo. Magazi okayeza mwezi ndi mwezi, kumanja. Diripi atadwala chibayo, kumanja. Diripi ina atatsegula m'mimba, kumanjanso. A Telala ndi amene ankapinda malaya n'kuupereka mkonowo, akunyadira kuti ateteza wamanzere.

Lachisanu lina ali pamakina, magazi anatsika mphamvu kwambiri mpaka anakomoka pang'ono. Anatsitsimuka, n'kubwerera kunyumba, ndipo madzulo kanjenjemero kanalipo, ngakhale kofooka. Loweruka m'mawa a Telala anaika zala zawo pamalo pake. Anadikira. Anasuntha zala m'mwamba, anazibweza m'munsi. Anaika khutu. Mtsemphawo unali wolimba ngati chingwe, ndipo munalibe kanthu.

"Kalipo?"

A Telala anangotenga nsapato za amuna awo n'kuyamba kuwaveka.

Anafika kuchipatala dzuwa lisanakwere, monga anawalangizira. Madokotala anayesa kuchotsa magazi oundana, koma anapeza kuti mtsempha wonse wapyapyala m'kati ndipo sungatsegukenso. Anatembenukira kumkono wosungira uja. Adokotala anayendetsa kachipangizo kounikira kuchokera padzanja mpaka paphewa, n'kubwereza kawiri. Mitsempha yakumanja inali itauma ndi zipsera za singano za zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo yotsalayo inali yaing'ono kwambiri kwa munthu wa msinkhu wawo. Anaika kapaipi pakhosi kuti makina apitirire. Patapita milungu isanu kanatsekeka. Anaika kena mbali ina, kameneko kanabweretsa majeremusi m'magazi, a Manzere n'kumanjenjemera ndi kutentha thupi mlungu wathunthu. Anaika pantchafu, nako sikanakhalitse.

Masiku amenewo a Telala ankayenda m'makonde a chipatala akudzifunsa mafunso opanda mayankho. Kodi mtsamiro unaterereka? Kodi malaya aja a buluu anali othina? Kodi Lachisanu lija madzulo akanabwerera nawo pomwepo? Ana anabwera kuchokera komwe amakhala, mpingo unapemphera, amayi a bungwe anasinthana kudikirira, koma panalibe amene akanapereka mtsempha wake. Sisita anawapeza mayiwo atakhala pamasitepe, n'kukhala nawo pomwepo, yunifolomu yoyera ili pafumbi.

"Mayi, njira zambiri sizifika zaka zimenezi. Inu munaisunga kuposa aliyense amene ndamuona muno. Mtsempha umatopa basi."

"Ndiye kusunga konse kuja kunali kwa chiyani, sisita?"

"Kunali kwa zaka zisanu ndi ziwiri."

Tsiku limene adokotala analowa n'kukoka mpando, m'malo molankhula ali chiimire monga mwa masiku onse, a Telala anadziwiratu. Anati malo atha. Akhoza kuyesanso kapaipi kena, koma thupi silingapirire, ndipo phindu lake lingakhale la masiku ochepa. Popanda makina, kwatsala mlungu umodzi kapena iwiri. A Manzere anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza adokotala chifukwa chosabisa. Kenako anayang'ana mkono wawo wamanzere, umene unali pamtsamiro monga mwa chizolowezi, n'kutembenukira kwa sisita.

"Sisita, ndiye kuti mkono uwu palibenso chosunga?"

"Palibe, bambo."

"Ndingaugonere? Ndinganyamule nawo kanthu?"

"Mungathe."

"Ndiye kuti wabwerera kwa ine."

A Telala amavomereza kuti anapsa mtima. Iwo akumva za imfa, amuna awo akumwetulira ngati mwana amene wabwezeredwa chidole. Anatuluka panja, anakalira mpaka kukhuta, ndipo pobwera anafunsa funso limodzi lokha: "Kunsanja mukufuna kupita tsiku liti?"

Anawatulutsa Lolemba. Lachiwiri m'mawa abambo mfumu anabwera kunyumba kudzawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Chakumasana mkamwini wawo anawatenga pagalimoto, n'kuwanyamula mpaka pakhomo la nsanja, chifukwa miyendo inali itatupa. Mlonda anawatsegulira, anamasula chingwe pamsomali, n'kuvula chipewa. Palibe wina amene anauzidwa.

A Manzere anaimirira movutikira. A Telala anaima kumanzere kwawo, ndipo mkonowo utayamba kukwera, dzanja lawo linapita lokha kukaugwira.

"Mayi," anatero a Manzere mofatsa, "lero sunthirani kumanja."

Anasuntha. Amati masitepe awiri amenewo ndiwo ulendo wautali kuposa yonse imene anayenda m'moyo wawo. Anawagwira m'chiuno kuti asagwe, n'kumaonerera mkono umene anausamala ngati khanda ukugwira chingwe, mabampu ake ali poyera. Kukoka koyamba belu silinayankhe. Kukoka kwachiwiri linalira, osati mwamphamvu ngati kale, koma linalira. Katatu. Kenako kupuma.

Amene munali kumsika tsiku limenelo mukukumbukira. Belu litakhala chete nthawi yaitali choncho, mayi wina wogulitsa masamba anatula dengu n'kunena kuti, "Amenewo ndi a Manzere." Anthu anaima pomwe anali. Linaliranso katatu. Kupuma kwachiwiri kunatalika koposa, chifukwa bamboyo anali atatsamira pachifuwa cha akazi awo, akusaka mpweya. Mlonda anatambasula dzanja kuti amalize, koma a Telala anamuyang'ana, iye n'kulibweza. Katatu kotsiriza kanamveka motalikirana, kamodzikamodzi, koma kanakwana.

Anakhala masiku ena asanu ndi limodzi kunyumba, akugona nthawi zambiri, ndipo ankagonera kumanzere, mkono uli pansi pa tsaya. Anatsazika ana mmodzimmodzi. Anatumiza uthenga kwa anzawo a m'wodi kuti asataye mtima ndi zimene zawachitikira iwo, azimverabe njira zawo m'mawa uliwonse. Anawauza akazi awo kuti asiye kudziimba mlandu za mzere uja wa mapepala, chifukwa amene anali ndi pakamwa tsiku lija ndi iwo eni mkono. Lolemba masana, ana akunena kolona kuzungulira bedi, anapuma komaliza mopanda phokoso, kolona yawo ili m'dzanja lamanzere.

A Manzere sanatisiyire chozizwitsa. Sanachire, ndipo cholakwika chija sichinakonzeke. Atisiyira chitsanzo cha munthu amene anapatsidwa ntchito n'kuigwira mokhulupirika, kenako anaiyika pansi popanda kutukwana wina, n'kusamala moyo umene Mulungu anamubwereka mpaka mwini wake atautenga. Ambuye amene analandira dzanja lawo ali mwana awalandirenso iwo onse athunthu, awapumitse mu mtendere.

Mlonda uja masiku ano amaliza katatu n'kudikira, ngakhale mapazi amamuyabwa. A Telala anabwerera pakhonde ndi makina awo. Amati m'mawa uliwonse zala zawo zimadzuka iwo asanadzuke, n'kupita kumene kunali mkono, n'kupeza mtsamiro. Masana belu likalira amaimitsa makina kuti apemphere, ndipo thebulo limapitiriza kunjenjemera pang'ono pansi pa zala zawo. Iwo sazichotsa mpaka litasiya.